Lachiwiri Loyamba la Mwezi, ku Esbjerg

Sitima imafika padoko mdima usanachoke
ngakhale wotchi ikuti eyiti koloko m'mawa.
Masabata awiri panyanja,
kukwera nsanja za makina opukusa magetsi ndi mphepo,
kumanga mabawuti aakulu ngati chibakera.
Manja anga amamva mng'alu wa chitsulo
diso lisanauone.
Koma thupi langa lomwe
ndinkalidutsa ngati nyumba ya eni.

Anandiphunzitsa ndi Villads, mkulu wanga,
osati ndi pakamwa.
Miyezi isanu ankati ndi chishalo cha njinga,
ankati ndi mpira unamugunda Loweruka lija,
ankati zipola zokha.
Mwamuna wa zaka makumi atatu ndi chimodzi,
woseka mpaka galu wa aneba kuuwa,
kukanika kutchula liwu limodzi kwa mkazi wake.
Pomwe ankakafika kwa dokotala
khansa inali itayamba kale ulendo,
msana ukumudzutsa pakati pa usiku.

Anachira. Ndinene msanga: anachira.
Koma tsitsi linatsala pa pilo,
dzinja lonse ankasanzira m'ndowa yabuluu,
Solvej akutsegula mawindo
chipale chofewa chikugwa kunja.

Ndiye Lachiwiri loyamba la mwezi,
kaya ndili kumtunda
kaya m'kabafa ka m'sitima kogwedezeka kaja,
ndimatsegula madzi otentha,
ndidikire khungu lifewe, thumba litsike.
Chala chachikulu pamwamba,
chamkombaphala ndi chapakati pansi,
ndigubuduze tchende limodzi, pang'onopang'ono,
ngati wotola dzira la mbalame
amene sakufuna kuliswa.
Kenako linzake.

Lakumanzere limalendewera m'munsi pang'ono.
Ndi mmene lakhalira chibadwire,
ine ndi amene ndinachedwa kulidziwa.

Kumbuyo kwake kuli kachingwe kofewa.
Tsiku loyamba kukakhudza
ndinangoti khwithi pa matailosi onyowa,
madzi akundimenya m'khosi,
ndikuwerenga zaka za mwana wanga.
Dokotala Thygesen anapima, navula magolovesi.
Anati: kameneko n'kako, unabadwa nako.
Amene ukumusaka ndi mlendo:
kanthu kolimba ngati nsawawa youma,
kapena kulemera kumene sikunalipo,
kapena limodzi kutupa kusiya linzake.
Nthawi zambiri sikapweteka n'komwe.
Ukakapeza usadikire sitima ina, ubwere.

Sikapweteka.
Mawu amenewo ndiwo anandikhala pamtima,
pakuti kwathu bambo anatilera
kuti chosapweteka sichiwerengedwa,
ndipo chopweteka umachilumira mano.

Mphindi ziwiri basi.
Khofi wa m'kantini amachedwa kuposa pamenepo.

Ulendo wathawu, tikudya buledi wakuda ndi nsomba yamchere,
ndinamuuza Ebbe, wophunzira ntchito uja,
wa zaka khumi ndi zisanu n'zinayi, ndevu zisanagwirizane.
Makutu ake anafiira ngati nyali ya padoko.
Anati: Asger, anthu tikudya.
Ena anaseka, wina anandiponyera chikhungwa cha buledi.
Ndinasekanso nawo. Ndikanatani?

Patapita masiku anayi, usiku,
mafunde akukankha mbale m'makabati,
wina anagogoda pachitseko changa.
Ebbe, atavala jekete pamwamba pa zogonera,
akuyang'ana nsapato zanga, osati ine.
Anati: zija unkanena zija.
Kakakhala kutsogolo, osati kumbuyo?
Kakakhala kolimba?

Sindinamuuze kuti si kanthu.
Sindine dokotala, ndine womanga mabawuti.
Ndinang'amba ngodya ya pepala la ntchito,
ndinalembapo nambala ya Thygesen.
Ndinati: tikangokocheza Lachisanu
ndikuperekeza pa galimoto yanga.

Tsopano ndakhala panja pa chipatala, injini ndazima.
Mvula yosakanikirana ndi mchere ikutsetsereka pagalasi.
Walowa mphindi makumi awiri zapitazo
chipewa chili m'manja.
Sindikudziwa chimene akamuuze.
Ndikungodziwa kuti Villads anadikira miyezi isanu,
uyu masiku atatu.